Chifukwa chake akaunti ya kripito imakana kulumikizana ndi pulogalamu ya bajeti

Ku Mangochi kuno ndalama za munthu mmodzi sizigona malo amodzi. Mayi wopikula usipa ku Makanjira n'kukagulitsa ku Limbe amakhala ndi zina pa Airtel Money, zina pa Mpamba, zina ku banki mkhonde, pang'ono kubanki, ndipo zina zili m'manja mwa mwini boti amene anamupatsiratu kuti agule mafuta a injini. Zaka zapitazi pawonjezekera malo ena. Wachibale amene ali ku Joni nthawi zina satumizanso marandi, amatumiza USDT, ndalama ya kripito (ndalama yopezeka pa intaneti pokha) imene anaipanga kuti mtengo wake uziyendera limodzi ndi dola ya ku America. Mwini loji ku Cape Maclear amalandira mlendo wofunsa ngati angalipire ndi Bitcoin, ndalama inanso ya kripito. Ndipo chigwetsereni kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, alipo anyamata ndi atsikana amene akapeza kangachepe amathamangira kukasintha kukhala USDT, poopa kuti kangathe mphamvu kali m'thumba.

Munthu wotere akafuna kuona chuma chake chonse pa tsamba limodzi, sakufuna zachilendo. Wabizinesi ayenera kudziwa ngati akupindula. Msilamu amene nthawi yake yopereka zakaati yakwana ayenera kudziwa kuti 2.5 peresentiyo aiwerengera pa ndalama zingati. Mapulogalamu a ntchito imeneyi alipo, monga Quicken, YNAB ndi Monarch Money, ndipo amalonjeza kuti mukalumikiza maakaunti anu, okha azikoka zonse zolowa ndi zotuluka. Koma mukafika pa akaunti ya ku msika wa kripito, kaya ndi Binance, Coinbase kapena Kraken, zinthu zimayamba kuvuta. Pena dzina la msikawo silipezeka n'komwe. Pena zimalumikizana lero, mawa zaduka. Pena zimagwirana bwinobwino koma n'kusonyeza ziro, inu mukudziwa kuti muli ndalama. Ambiri amaloza chala netiweki kapena bandulo, ena amadziona ngati mbuli. Kawirikawiri vuto silikhala pamenepo, ndipo m'pofunika kudziwa pomwe limakhala, chifukwa njira zina zimene anthu amayesa pofuna kulithetsa ndi zomwe zimawabetsa.

Poyamba, pulogalamu ya bajeti siyankhula ndi banki mwachindunji. Pakati pamakhala kampani ina imene inu simuiona, ntchito yake kutenga mbiri ya akaunti kubanki n'kuipereka ku pulogalamuyo. Odziwika pa ntchitoyi ndi Yodlee, imene inayamba mu 1999, ndi Plaid, imene inayamba mu 2013. Kale amkhalapakatiwa ankangopempha dzina ndi pasiwedi yanu, n'kulowa pa tsamba la banki ngati ndinu, n'kukopera zimene aona. Panalinso chiyankhulo chimodzi chotumizirana mbiri ya ndalama, chotchedwa OFX, chimene Microsoft, Intuit ndi CheckFree anagwirizana mu 1997. Kenako mu 2018 malamulo a ku Britain ndi a mayiko a European Union anakakamiza mabanki kutsegula khomo lovomerezeka loti kasitomala akalola, pulogalamu ina izitha kuwerenga akaunti yake.

Zonsezi anazikonzera mabanki, ndiponso mabanki a kumeneko. Misika ya kripito malamulo aja sanaikhudze, choncho uliwonse unapanga khomo lake m'mene unafunira. Plaid inayamba kuwerenga maakaunti a misika ingapo mu Julayi 2022, ndipo pa mndandandawo panali Kraken, Gemini ndi Binance.US. Dzina lomalizali ndi limene limasokoneza anthu kuno. Binance.US ndi kampani ina, yotumikira anthu a ku America okha, ndipo akaunti imene mnyamata wa ku Namwera anatsegula ndi chiphaso chake cha unzika ili ku Binance ya dziko lonse. Iye akalemba "Binance" mu pulogalamu ya bajeti, chizindikiro chimene akuchidziwa chimatulukadi. Amalowetsa imelo ndi pasiwedi, n'kuuzidwa kuti zalakwika. Amasintha pasiwedi, amayesanso, osadziwa kuti akugogoda pa nyumba ya eni. Komanso Malawi palibe pa mayiko amene Plaid imagwirako ntchito, ndiye ngakhale kripitoyo italowa, Mpamba ndi Airtel Money sizidzalowa pa njira imeneyi.

Njira imene yatsala ndi ya kiyi wa API. Mumalowa mu akaunti yanu ya kumsika, n'kupanga kiyi wapadera woti pulogalamu ina izigwiritsa ntchito. Amatuluka mbali ziwiri, mzere wautali wa zilembo ndi manambala, ndi wina wachinsinsi umene umaoneka kamodzi kokha. Popanga kiyiyo mumasankha mphamvu zake: kungowerenga, kugula ndi kugulitsa, kapena kutulutsa ndalama. Pulogalamu ya bajeti imafunika yoyambayo basi. Ikapempha zinazo, kapena munthu wokuthandizani akanena kuti "achimwene, ingochongani zonse kuti zisavute," imani pomwepo. Mu Disembala 2022 makiyi pafupifupi 100,000 a makasitomala a kampani ya 3Commas, imene imachitira anthu malonda a kripito pogwiritsa ntchito makiyi awo, anatayikira poyera, ndipo mkulu wa kampaniyo anavomereza kuti anali enieni. Akuba sanafunikire n'komwe mphamvu yotulutsa ndalama. Ndi mphamvu yogula ndi kugulitsa yokha ankatha kugulitsa chuma cha munthu n'kumugulira tindalama topanda pake pa mtengo wokwera, iwo ali tsidya linalo akulandira.

Nkhani ngati imeneyi ndi imene imachititsa misika kuumitsa malamulo a makiyi, ndipo kuumitsako ndi kumene ife timakuona ngati kuduka. Misika ina imachotsa kiyi kapena kumulanda mphamvu pakapita nthawi, makamaka ngati sanamangiriridwe ku adiresi imodzi ya IP, nambala imene chipangizo chimadziwika nayo pa intaneti. Kumangirirako n'kwabwino, koma ngati pulogalamu yanu ili pa kompyuta yanu ndipo intaneti mumatenga pa foni, adiresi yanu imasinthasintha, ndiye kiyi amene dzulo amagwira lero akukanidwa. Palinso nkhani ya wotchi, imene ambiri sangaiganizire. Pempho lililonse lopita ku Binance limanyamula nthawi yomwe latumizidwa, ndipo mwachizolowezi msikawo umalola kusiyana kwa masekondi 5 okha. Kupitirira apo umabweza uthenga wa nambala -1021. Laputopu yakale imene kabatire kake ka m'kati kanatha, magetsi akazima n'kuyakanso, imadzuka ndi nthawi yolakwika. Mwini wake amafufuta kiyi, amapanga wina, amagula bandulo ina, pomwe chofunika chinali kungokonza wotchi.

Nthawi zina khomo lenilenilo amaligumula. Coinbase inatseka nthambi yake ya Coinbase Pro mu 2023 n'kusamutsira makasitomala kwina, ndipo mapulogalamu amene ankadalira makiyi akale anayenera kulembedwanso. Mapulogalamu a bajeti nawo amafa. Intuit inatseka Mint mu Malichi 2024, anthu ataisungitsa mbiri ya ndalama zawo kwa zaka zoposa khumi.

Tsono tinene kuti zalumikizana. Apa m'pamene pali zobisika zambiri, chifukwa nambala yolakwika ndi yoopsa kuposa uthenga wokana. Akaunti imodzi ya Binance ili ndi matumba angapo m'kati mwake: Spot, Funding, Earn ndi ena. USDT imene mwagula kwa munthu mnzanu pa P2P, gawo la msika limene anthu amagulitsirana okha, imafikira mu Funding. Pulogalamu yosalembedwa mosamala imangosuzumira mu Spot, n'kupeza mulibe kanthu, n'kulemba ziro. Imene mwaika mu Earn kuti izibereka chiwongoladzanja imatha kuoneka ndi dzina lina, LDUSDT, ndipo pulogalamu ikapanda kulizindikira imalisiya lopanda mtengo.

Mayina ndi vuto pa okha. Ndalama za mayiko zili ndi zilembo zitatu zimene dziko lonse linagwirizana pa muyezo wa ISO 4217: MWK ndi kwacha yathu, ZAR ndi randi, USD ndi dola. Kripito ilibe muyezo wotero. Bitcoin imene misika yambiri imalemba BTC, Kraken yakhala ikuilemba XBT. Mu Meyi 2022 ndalama ya LUNA itagwa, yakaleyo anaitcha LUNC n'kupanga ina yatsopano yotenga dzina la LUNA, ndipo mitengo ya ziwirizi inali yotalikirana kwambiri. Pulogalamu imene yasokoneza ziwirizi imatha kuuza munthu wosauka kuti walemera. Ndalama ya MATIC nayo inasanduka POL mu Seputembala 2024.

Kenako pali timanambala ta kuseri kwa kadontho. Kwacha imagawika mu matambala 100, ndiye malo awiri akwana. Bitcoin imagawika mpaka malo 8, inzake ya Ether mpaka malo 18. Pulogalamu imene anailembera madola ndi masenti ikalandira 0.004 BTC imatha kuidula n'kukhala 0.00, ndipo ndalama zambiri ndithu zimazimiririka pa sikirini.

Koma gwero lenileni la chisokonezo ndi lakuti mzere wa kubanki ndi mzere wa kumsika wa kripito si zinthu zofanana. Kubanki mzere umodzi umanena tsiku, dzina, ndi ndalama imodzi yolowa kapena yotuluka. Kumsika, mukasintha USDT kukhala Bitcoin, chinthu china chatuluka, china chalowa, ndipo chindapusa cha msikawo mwina achidula mu ndalama yachitatu, monga BNB, kripito ya Binance. Oda imodzi imathanso kukwaniritsidwa m'zidutswa zambirimbiri, chilichonse ndi mtengo wake. Pulogalamu ya bajeti ili ndi mabokosi a chakudya, mayendedwe, fizi ndi lendi, ndipo ilibe poika zimenezi. Mukachotsa USDT yanu kumsika n'kuiika mu waleti, pulogalamu yosungiramo kripito nokha monga Trust Wallet, pa foni yanu yomwe, iyo imaona ndalama yatuluka n'kulemba kuti mwadya. Mukaibweza imalemba kuti mwalandira malipiro. Pakutha pa mwezi bajeti imasonyeza munthu wopeza zambiri ndi womwaza zambiri, pomwe ndalamayo sinachoke m'manja mwake. Ndipo pofuna mbiri ya malonda anu ku Binance, pulogalamu iyenera kufunsa za ndalama ziwiriziwiri padera, BTC ndi USDT, ETH ndi USDT, mpaka kumaliza. Ikafunsa mothamanga msika umaiimitsa ndi uthenga wa 429, ndipo mbiri imabwera yoduka pakati popanda wokuuzani.

Ngakhale tsiku limasemphana. Misika imalemba nthawi ya UTC, imene dziko lonse limawerengerapo maola, ndipo ife tili patsogolo ndi maola awiri. Malonda ochitika 1 koloko usiku wa pa 1 Januwale ku Monkey Bay amalembedwa kuti anachitika 11 koloko usiku wa pa 31 Disembala, chaka chatha.

Zonse ndatchulazi zimavutitsanso wa ku London kapena ku Toronto, ndipo akatswiri akhoza kuzikonza. Pali chimodzi chimene ndi chathu, ndipo sindikuona pulogalamu yakunja ikuchikonza. Mbali ya kwacha siioneka.

Wa ku America amatumiza madola kuchokera kubanki yake kupita kumsika, ndipo mbali zonse ziwiri zimalemba. Ife kripito timaigula kwa anthu. Pa P2P msika umangogwirizira USDT ya wogulitsa, inu n'kumulipira pa foni kapena kubanki, iye akatsimikiza kuti walandira msika n'kukupatsani. Mbiri ya malonda otere imakhala payokha, ndipo mapulogalamu ambiri a bajeti saikoka. Malonda enanso sadutsa n'komwe pamenepo. Anthu amagwirizana pa WhatsApp, kapena amakumana pa sitolo ina pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, wina n'kuwerenga makwacha, mnzake n'kutumiza USDT foni zili m'manja. Msika umangoona kuti mu akaunti mwalowa 100 USDT. Sudziwa ngati mwagula, ngati ndi mphatso ya alamu anu a ku Durban, kapena ngati ndi ndalama za anthu asanu a m'mudzi mwanu zimene wina wazitumiza kudzera mwa inu kuti muwagawire. Chomalizachi chimachitika, ndipo pulogalamu imaziwerengera zonse ngati zanu.

Ikafuna kusandutsa USDT ija kukhala kwacha, pulogalamu imatenga mtengo wa boma, umene mu 2024 ndi 2025 unali cha m'ma K1,750 pa dola. Aliyense amene anayesapo kufuna dola m'zaka zimenezi akudziwa kuti pamsika wa mseri inkagulidwa mokwera kwambiri kuposa apo, ndipo mtengo wa USDT pakati pa anthu umatsatira wa mseriwo. Tingoyerekeza kuti munagula 100 USDT pa K4,000 iliyonse. Pa foni panu pachoka K400,000. Pulogalamu ikuuzani kuti muli ndi K175,000. Mukaikhulupirira, mwaluza ndalama zoposa theka tsiku lomwelo, pomwe simunaluze kalikonse. Wowerengera zakaati pa nambala imeneyo apereka zoperewera. Wabizinesi wowerengera mpamba wake pamenepo aika mitengo yolakwika. Ndipo pulogalamuyo sinaname: yatenga nambala yokhayo imene dziko lathu limalengeza.

Apa payenera kunenedwa poyera kuti Reserve Bank of Malawi inalengeza mu 2019 kuti kripito si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, ndipo inachenjeza kuti wochita nawo malondawa akuchita mwa iye yekha. Zikasokonekera kubanki pali ofesi yopitako ndi lamulo lokutetezani. Zikasokonekera kumsika wa kunja, kapena kiyi wanu akagwera m'manja olakwika, palibe khomo la ku Boma kapena ku Lilongwe limene mungagogode kuti akubwezereni. Kusinthanitsa ndalama zakunja kulinso ndi malamulo ake, ndipo wochita bizinesi yaikulu m'njira imeneyi ndi bwino afunse odziwa malamulo.

Ena amadzilimbitsa mtima kuti zonse zinalembedwa pa blockchain, kaundula wa pa intaneti wa kripito yotumizidwa, ndiye sizingatayike. Izi n'zoona pa ndalama zimene zili mu waleti yanu. Zimene zili kumsika zili ngati kope la ngongole la mwini golosale: zolemba ndi zake, kope ndi lake, ndipo golosale ikatsekedwa simudzaliwerenganso. Malonda a m'kati mwa msika safika pa blockchain. Msika wa kripito wa FTX utagwa mu Novembala 2022, makasitomala anataya mwayi wotulutsa ndalama zawo, ndipo ambiri anavutikanso kupeza mbiri ya zimene anachitamo. Pulogalamu imene imangokoka nambala ya lero kudzera pa kiyi sikusungirani umboni.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kwa munthu wa kuno kulumikiza kwa makina kuyenera kukhala kothandizira chabe, mwini nkhani akhale zolemba zanu. Mu pulogalamu ya bajeti tsegulani akaunti yolemba pamanja, muitche dzina la msikawo, ndipo muziisintha nokha kamodzi pa sabata kapena pa mwezi. GnuCash, imene ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti, imalola kuika Bitcoin kapena USDT ngati katundu wokhala ndi mtengo umene inu mwalemba. Amene amachita malonda ambiri akhoza kugwiritsa ntchito mapulogalamu opangidwira kripito yeniyeniyo, monga Koinly kapena CoinTracker, amene amadziwa za matumba aja ndi mayina osinthasintha, kenako n'kungotengako chiwerengero chomaliza. Nawonso mtengo wa kwacha adzatenga wa boma, ndipo pa malonda aliwonse a P2P mudzafunika kulembamo nokha zimene munalipira.

Cholemba chake si chambiri, koma chiyenera kulembedwa tsiku lomwelo: tsiku, kuchuluka kwa USDT kapena Bitcoin ndi timanambala take tonse, makwacha amene achoka kapena alowa, chindapusa cha ejenti ndi chotumizira, nambala ya uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money, ndi mawu awiri atatu onena kuti ndalamayo ndi ya chiyani kapena ya yani. Ikani mizati iwiri ya mtengo, wina wa boma ndi wina umene munagulira kapena umene mungagulitsire lero, ndipo musasakanize. Kope wamba la kusukulu likwanira, bola lisanyowe.

Mwezi uliwonse tsitsani fayilo ya CSV (mndandanda wa mizere ndi mizati) ya mbiri yanu kumsika n'kuisunga malo awiri. Pofuna kuitsegula samalani ndi Excel. Imasunga manambala 15 okha pa chiwerengero chimodzi, ndiye nambala yaitali ya oda imatha kusanduka maziro kumapeto kwake. Imathanso kuwerenga 03/04 ngati 4 Malichi, mwa chizolowezi cha ku America, inu mukutanthauza 3 Epulo. Mukasunga fayiloyo itasinthidwa choncho, zoyambirira zapita. Gwirani ntchito pa kope lachiwiri, loyambalo lisakhudzidwe.

Pa waleti imene ili pa foni yanu, pulogalamu yowerengera imangofunika adiresi yolandirira, ija mumapatsa munthu wofuna kukutumizirani. Sifunika mawu 12 kapena 24 aja munalemba potsegula waleti. Amene ali ndi mawu amenewo ndiye mwini ndalama, ndipo palibe wothandiza makasitomala weniweni amene angawapemphe. Anthu odzitcha akatswiri m'magulu a WhatsApp ndi Telegram amadikirira munthu wodandaula kuti akaunti yake ikukana kulumikizana, n'kumutumizira linki yoti "akonzere." Dziwaninso kuti adiresi yolandirirayo, ngakhale singabetse ndalama, imaonetsa aliyense woidziwa zonse zimene zinalowa ndi kutuluka pamenepo, choncho si yomwaza pagulu.

Mukasiya kugwiritsa ntchito pulogalamu ina, kuichotsa pa foni sikupha kiyi amene munaipatsa. Kiyiyo amakhalabe pa makompyuta a kampaniyo ndipo amagwirabe ntchito. Lowani mu akaunti yanu ya kumsika, pitani pa mndandanda wa makiyi a API, mufufute aliyense amene simukukumbukira chomwe munamupangira. Pulogalamu iliyonse izikhala ndi kiyi wakewake wolembedwa dzina lake, kuti tsiku lofuna kudula imodzi musadzadule zonse.